Makiyi ali pa phewa la Petulo, mupempherereni

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Khristu. Mawu athu m'mawa uno ndi odziwika aja a pa Mateyo 16:19, pamene Ambuye akulonjeza Simoni Petulo makiyi a Ufumu wa Kumwamba ndi mphamvu yomanga ndi kumasula. Tisanapite patali, imani kaye pang'ono, mutchule dzina la Papa Leo XIV pamaso pa Mulungu. Mumupempherere musanamukambe. Masiku ano ambirife tamukamba kwambiri, ena momuikira kumbuyo, ena momudzudzula, mpaka mitima yatopa ndipo ena sakulankhulitsananso bwino ndi abale awo. Koma amene tagwada chifukwa cha iye, ndi angati?

Ganizirani nyumba imene mwini wake wapita ulendo wautali, n'kusiya makiyi onse m'manja mwa munthu mmodzi. Munthu ameneyo ndiye amadzuka woyamba kukatsekula, ndiye amagona womaliza atayesa chitseko chilichonse. Mwana akachedwa kunja n'kugogoda pakati pa usiku, wodzuka ndi iyeyo. Kanthu kakasowa m'nyumba, maso onse amayang'ana iye. Makiyiwo amamulemera m'thumba, amalira akamayenda, ndipo sangapite kutali osaganiza za nyumba. Chitseko chimene watseka chimakhala chotsekekadi, ndipo mwana amene walowera pa zenera chifukwa choti sakumukonda wosunga makiyiyo, walakwira mwini nyumba. Komanso wosunga makiyiyo sangagulitse nyumbayo, sangasunthe maziko ake, sangasinthe zimene mwini wake adalamula asanachoke. Ukapapa wonse uli m'chithunzi chimenechi, ndipo mikangano yathu yambiri imabwera chifukwa wina wagwira theka loyamba lokha, wina theka lachiwiri lokha.

Fanizo la makiyili timalipeza kale pa Yesaya 22. M'nyumba ya mfumu Hezekiya munali kapitawo wamkulu, Sebina, amene adadzikuza mpaka kudzisemera manda apamwamba m'thanthwe. Mulungu adamuchotsa n'kuika Eliyakimu mwana wa Hilikiya, nati adzaika kiyi wa nyumba ya Davide pa phewa lake: akatsekula palibe wotseka, akatseka palibe wotsekula, ndipo adzakhala tate kwa okhala mu Yerusalemu. Taonani pamene kiyiyo akuikidwa. Pa phewa, pamene timasenzera katundu. Taonaninso kuti munthu adasintha koma udindo udatsala, Sebina atachoka kiyi sadatayidwe. Ndipo mawu akuti tate ndi omwe aja ali m'dzina loti Papa.

Tsono makiyiwo amatsekula chiyani kwenikweni? Malamulo a Mpingo a chaka cha 1983, pa nambala 331, amati Episkopi wa ku Roma ali ndi ulamuliro wapamwamba, wathunthu, wachindunji, wofika pa Mpingo wonse, umene umabwera ndi udindo womwewo ndipo angathe kuugwiritsa ntchito momasuka nthawi iliyonse. Wapamwamba, ndiye kuti chigamulo chake sichingachitidwe apilo kwa wina aliyense pansi pano, ngakhale ku msonkhano waukulu wa maepiskopi onse. Wachindunji, ndiye kuti sasowa chilolezo cha wina kuti afike kwa mkhristu kapena dayosizi iliyonse. Iye ndiye amaitanitsa msonkhano waukulu wa Mpingo, ndipo zimene msonkhanowo wagwirizana sizigwira ntchito asanazivomereze. Amakhazikitsa madayosizi, kuwagawa kapena kuwaphatikiza. Amalengeza oyera. Amasintha malamulo amene Mpingo udadziikira wokha, monga a kusala kudya ndi a kayendetsedwe ka mabwalo a milandu ya Mpingo. Awa ndi makiyi enieni, abale, osati a zokongoletsa.

Pano ndi pamene ena amalakwira, kuganiza kuti maepiskopi ndi anyamata otumidwa ndi Papa. Ayi ndithu. Mphamvu yomanga ndi kumasula ija Ambuye adaiperekanso kwa atumwi onse pa Mateyo 18:18, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, m'chikalata cha Lumen Gentium cha chaka cha 1964, udanena poyera kuti maepiskopi amaweta madayosizi awo m'malo mwa Khristu, asayesedwe ngati oimira Papa chabe. Chipinda chilichonse chili ndi wosunga kiyi wake, ndipo kiyiyo ndi wake ndithu. Petulo yekha ndiye ali ndi kiyi wolowa m'zipinda zonse, koma kapitawo wanzeru sakhalira kutsekula zitseko za anzake m'mawa uliwonse. Amalowa pamene chipinda chikufuka utsi, kapena pamene osunga zipinda akangana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo Papa adaikidwa kuti mitu yonse yosenza dengalo iyende molingana.

Ndinene ichinso mwachidule, chifukwa ambiri sachidziwa. Sakramenti la Ukulu lili ndi magawo atatu okha: udikoni, unsembe ndi uepiskopi. Palibe gawo lachinayi lotchedwa ukapapa. Papa ndi episkopi, wa dayosizi ya Roma, ndipo mpando wake uli m'tchalitchi cha Yohane Woyera ku Lateran, osati cha Petulo Woyera chimene timachiona pa kanema. Ukaristia umene amaupatula ndi womwewo umene wansembe aliyense amaupatula pa guwa laling'ono kwambiri. Akachimwa amagwada pamaso pa wansembe n'kulapa monga inu. Mupempherereni, iyenso amasowa chikhululukiro.

Kiyi mmodzi amene amakhudza moyo wathu kwambiri ndi wa kusankha maepiskopi. Dayosizi ikakhala yopanda mbusa, kaya chifukwa cha imfa, kusamutsidwa, kapena episkopi atafika zaka 75 n'kupereka kalata yopempha kupuma, kazembe wa Papa wa m'dzikolo amafufuza mwachinsinsi. Amafunsa maepiskopi, ansembe ena ndi akhristu ena odalirika, kenaka amatumiza ku Roma mayina atatu ndi maganizo ake. Nthambi yoona za maepiskopi, kapena yoona za kufalitsa Uthenga Wabwino ngati dayosiziyo ili m'manja mwake, imaunika mayinawo n'kupereka kwa Papa. Iye angathe kutenga limodzi mwa atatuwo, angathenso kubweza onse n'kupempha ena. Pa tsiku lodzoza, kalata ya Papa imawerengedwa anthu onse akumva manja asanasanjikidwe, ndipo wodzoza wamkulu amakhala ndi maepiskopi ena osachepera awiri. Mipingo 23 ya Katolika ya Kum'mawa ili ndi malamulo akeake, ndipo ina mwa iyo imasankha maepiskopi kudzera mu sinodi yawo, Papa n'kuvomereza.

Chimalakwika n'chiyani munthu akalumpha kalata ija? Pa 30 June 1988, ku Écône m'dziko la Switzerland, Arkiepiskopi Marcel Lefebvre adadzoza maepiskopi anayi Papa John Paul II atamuletsa. Kudzozako kudagwiradi, chifukwa wodzozayo anali episkopi weniweni, koma iye ndi anayiwo adagwa m'chilango chochotsedwa mu umodzi wa Mpingo. Zili ngati kukadulitsa kiyi wina mobisa. Kiyiyo amatsekuladi loko, koma nyumba imene aliyense akudulitsa kiyi wake siikhalanso nyumba imodzi. M'chaka cha 2009 Papa Benedict XVI adachotsa chilangocho pa maepiskopi anayi aja pofuna kutsekula njira yobwerera, ndipo pamenepo tidaona kumasula kukugwira ntchito pa chinthu chomwe chija chidamangidwa.

Tsopano tione zitseko zimene makiyiwa satsekula. Papa sangawonjezere buku m'Malembo Oyera kapena kuchotsamo vesi. Sangapange sakramenti lachisanu ndi chitatu. Sangathetse ukwati wa anthu awiri obatizidwa umene udamangidwa moyenera ndipo awiriwo adakhalira limodzi monga mwamuna ndi mkazi. Malamulo a Mpingo pa nambala 1141 amati palibe mphamvu ya munthu ingauthetse, koma imfa yokha. Msonkhano Woyamba wa Vatican, womwe uja udakweza ulamuliro wa Papa pa 18 July 1870, udalembanso kuti Mzimu Woyera sadalonjezedwe kwa olowa m'malo mwa Petulo kuti aulule chiphunzitso chatsopano, koma kuti asunge ndi kufotokoza mokhulupirika chimene atumwi adasiya. Choncho inu amene mukudikira kuti Papa watsopano asinthe chikhulupiriro kuti chigwirizane ndi zofuna zanu, mukupempha kapitawo kuti agulitse nyumba ya mwini. Inunso amene simugona tulo poopa kuti aigulitsa, mwaiwala amene adalonjeza kuti zipata za imfa sizidzaigonjetsa.

Nanga nkhani ija yoti Papa salakwa? Apa ndikupemphani mumvetse bwino, chifukwa mawuwa avulaza anthu ambiri mbali zonse ziwiri. Pa makiyi onse aja pali kiyi mmodzi wamkulu amene satuluka kawirikawiri. Kuti atuluke, Papa ayenera kukhala akulankhula monga mbusa ndi mphunzitsi wa akhristu onse, osati monga munthu payekha. Nkhaniyo ikhale ya chikhulupiriro kapena ya makhalidwe. Ndipo aonetse poyera kuti akugamula kotheratu kuti Mpingo wonse ugwiritse chimenecho. Chimodzi chikasowapo, kiyiyo sadatembenuzidwe. Zitsanzo zimene aliyense amavomereza ndi ziwiri: pa 8 December 1854 Papa Pius IX adalengeza kuti Amayi Maria adatetezedwa ku tchimo lobadwa nalo kuyambira pamene adakhala m'mimba mwa mayi wawo, ndipo pa 1 November 1950 Papa Pius XII adalengeza kuti adatengedwa kunka kumwamba thupi ndi mzimu womwe. Apapa onse awiri adayamba alembera maepiskopi a dziko lonse kuwafunsa zimene iwo ndi akhristu awo amakhulupirira, woyambayo mu 1849, wachiwiriyo mu 1946. Sadadzuke m'mawa n'kulengeza maganizo awo. Mphatsoyi imateteza Mpingo kuti usamangidwe ku bodza, siipangitsa munthuyo kukhala wopanda tchimo, wodziwa zonse, kapena wosankha bwino antchito ake nthawi zonse.

Koma musathamangire kunena kuti, ndiye zina zonsezo ndingathe kuzitaya. Mwana amene amamvera kapitawo pokhapokha akatulutsa kiyi wamkulu, ameneyo samvera konse. Chiphunzitso cha masiku onse cha Papa chimafuna kuti tichilandire ndi mtima ndi nzeru zogonjera, ndipo kulemera kwake timakudziwira pa mtundu wa chikalata, pa kubwerezedwa kwa chiphunzitsocho, ndi pa kalankhulidwe kake. Kalata yaikulu yolembera Mpingo wonse imalemera kuposa ulaliki wa pa Misa, ndipo ulalikiwo umalemera kuposa yankho loperekedwa kwa atolankhani m'ndege.

Ndiye uthenga ukafika pa foni wakuti "Papa wanena zakutizakuti", chitani izi musanautumize kwa wina. Funsani kuti wanena liti, ali kuti, akulankhula ndi yani. Kafunefuneni mawu onse pa tsamba la vatican.va, pamene zolankhula zake zimaikidwa ndi tsiku lake m'zilankhulo zingapo. Werengani ndime ya pamwamba ndi ya pansi pa mawu akudabwitsaniwo, chifukwa nthawi zambiri chiganizo chimakhala chitadulidwa pakati kapena chitamasuliridwa molakwika. Onaninso ngati ndi Papa mwini wanena kapena ndi kadinala wina akupereka maganizo ake. Ngakhale chithunzi musachikhulupirire msanga. Mu March 2023 dziko lonse lidagawana chithunzi cha Papa Francis atavala chijasi choyera chofufuma, pamene chinali chopangidwa ndi kompyuta. Mukalephera kupeza gwero, uthengawo ufere m'manja mwanu. Nthawi imene mukadataya poutumiza, nenani Atate Athu mmodzi chifukwa cha iye.

Onani mmene makiyiwa amachokera pa phewa lina kupita pa lina, chifukwa pamenepo m'pamene zimaonekera bwino kuti si a munthu. Papa Francis atamwalira pa 21 April 2025, zipinda zake zidatsekedwa ndi chidindo, mphete yake ya msodzi idafafanizidwa kuti isagwirenso ntchito, ndipo akuluakulu ambiri a nthambi za ku Roma adasiya maudindo awo nthawi yomweyo. Mmodzi mwa ochepa amene amatsala pa udindo ndi kadinala woyang'anira bwalo la za chikhululukiro cha machimo, kuti chitseko cha chifundo chisatsekeke ngakhale tsiku limodzi. Pa nthawi imeneyi makadinala onse pamodzi sangasinthe lamulo lililonse la Apapa. Makiyi amakhala ali pa msomali, palibe wololedwa kuwagwira.

Osankha ndi makadinala amene sadakwanitse zaka 80 pa tsiku limene mpando udatsala wopanda munthu. Amalowa m'tchalitchi cha ku Vatican chotchedwa Sistine Chapel, ena onse amatulutsidwa, chitseko chimatsekedwa. Dzina lenilenilo la chisankhochi, loti conclave, limachokera ku mawu a Chilatini otanthauza "ndi kiyi": amene akusankha wosunga makiyi amayamba atsekeredwa iwo eni. Mwambowu udakhwima pambuyo pa chisankho cha ku Viterbo chimene chidatenga pafupifupi zaka zitatu, kuyambira 1268 mpaka 1271, mpaka anthu a mumzindawo adawatsekera makadinala ndi kuwachepetsera chakudya. Wosankhidwayo, Gregory X, ndiye adaika lamulo la kutsekerako mu 1274. Lero kadinala aliyense amalemba dzina limodzi pa kapepala, amakapinda, amapita ku guwa atakakweza m'mwamba, n'kulumbira kuti Khristu amene adzamuweruza ndiye mboni yake. Mapepala amayamba awerengedwa asanatsekulidwe, ndipo chiwerengero chikasiyana ndi cha osankha, onse amawotchedwa n'kuyambiranso. Lililonse likawerengedwa limabooledwa ndi singano n'kulowetsedwa pa ulusi. Amavota mpaka kanayi pa tsiku, kawiri m'mawa, kawiri madzulo, ndipo pamafunika magawo awiri mwa atatu. Mu May 2025 osankha anali 133, choncho pankafunika mavoti 89. Pa 8 May, pa voti yachinayi, utsi woyera udatuluka, ndipo Kadinala Robert Francis Prevost, wobadwira ku Chicago, amene adatumikira zaka zambiri ku Peru, adafunsidwa mafunso awiri: ngati akuvomera, ndi dzina limene akufuna kutchedwa. Pamene adangovomera, poti anali kale episkopi, makiyi onse adagwera pa phewa lake. Makadinala adamusankha, koma ulamulirowo sadampatse ndi iwo, n'chifukwa chake sangamulandenso. Iye yekha angathe kuwatula mwaufulu, monga adachitira Benedict XVI pa 28 February 2013.

Tisabise, makiyiwa adagwidwapo ndi manja odetsedwa. Alexander VI, amene adakhala pa mpando kuyambira 1492 mpaka 1503, anali ndi ana ndipo adagwiritsa ntchito udindo kukweza banja lake. Kuyambira 1378 mpaka 1417 anthu awiri, kenaka atatu, ankadzitcha Papa nthawi imodzi, mpaka Msonkhano wa ku Constance udakonza zinthu ndipo Martin V adasankhidwa. Pa 12 March 2000 John Paul II adaima poyera kupempha Mulungu chikhululukiro cha machimo a ana a Mpingo. Mkatolika sayenera kukana mbiri imeneyi kapena kuikometsa. Woyamba kulandira makiyi uja, m'mutu womwewo wa Mateyo, mavesi ochepa chabe pambuyo pake, adamva Ambuye akumutcha Satana chifukwa chokana mtanda. Adakana Mbuye wake katatu pafupi ndi moto. Ambuye ankazidziwa zonsezi, ndipo chimene adamuchitira chili pa Luka 22:32: adamupempherera kuti chikhulupiriro chake chisafe, kuti akatembenuka alimbikitse abale ake. Ngati Mwini nyumba adaona kuti kapitawo wake akusowa pemphero, ife tikumumana bwanji pemphero lathu?

Kodi ndiye kuti sitingalankhule tikaona cholakwika? Tingathe, ndipo malamulo a Mpingo pa nambala 212 amati akhristu, molingana ndi nzeru ndi luso lawo, ali ndi ufulu, nthawi zina udindo, wouza abusa maganizo awo pa zokomera Mpingo, mwaulemu ndi mosunga chikhulupiriro. Paulo adadzudzula Petulo ku Antiokeya pamene adayamba kupewa kudya ndi akhristu a mitundu ina, koma adamuuza pamaso, ndipo sadakayambitse mpingo wake. Catherine wa ku Siena adalembera Gregory XI makalata olimba, adapita ku Avignon mu 1376 kukamudandaulira kuti abwerere ku Roma, ndipo Papayo adabwereradi mu 1377. Mayi ameneyu ankasala kudya ndi kulira chifukwa cha munthu yemwe ankamudzudzulayo. Dziyeseni ndi muyeso umenewu, abale anga. Mawu amene mudalemba dzulo okhudza Papa kapena episkopi wanu, mukadawanena iye atakhala patsogolo panu? Mudayamba mwamupempherera? Kugogoda pa chitseko mwamphamvu n'kololedwa kwa mwana wa m'nyumba, koma kugenda mazenera ayi.

Kwa abale athu a mipingo ina amene mukuwerenga nafe, tikudziwa kuti ena mumaona thanthwe lija limene Ambuye adati adzamangapo Mpingo wake kukhala chivomerezo cha Petulo kapena Khristu mwini, ndipo a Orthodox amapatsa Roma malo oyamba a ulemu koma osati ulamuliro wonsewu. John Paul II mu 1995 adapempha atsogoleri ndi akatswiri a mipingo ina kuti amuthandize kufunafuna njira yochitira utumikiwu imene onse angaizindikire kuti ndi ya chikondi. Ngati wosunga makiyi adapempha motero modzichepetsa, ife Akatolika tisagwiritse ntchito makiyi ake pomenyera anzathu. Gregory Wamkulu, Papa wa zaka za 590 mpaka 604, ankadzitcha mtumiki wa atumiki a Mulungu, ndipo Apapa akulembabe dzina limeneli mpaka lero.

Nanunso muli ndi makiyi anu, a m'banja, a ku ntchito, a kagulu kamene mumatsogolera, ndipo mukudziwa mmene zimapwetekera anthu akamakukambani osadziwa chimene mwasenza. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mutuwo umamva kuwawa.

Mukapita ku Misa lero kapena Lamulungu, tcherani khutu pa pemphero la Ukaristia. Wansembe amatchula mayina awiri, la Papa ndi la episkopi wa dayosizi imene Misayo ikuchitikira. Kuyambira 21 April mpaka 8 May 2025 dzina loyambalo linkadumphidwa pa maguwa a dziko lonse, ndipo amene ankamvetsera adaumva mpata umenewo. Tsopano dzinalo lilipo. Likamatchulidwa musakhale mukuganiza zina. Litchuleni nanu chamumtima, Leo, kenaka la episkopi wanu, mupemphe kuti Ambuye alimbitse mapewa awo ndi kuwapatsa nzeru yodziwa chitseko choyenera kutsekula lero. Muyende bwino tsiku la lero.